Kodi "chibwana cha mchombo lende" n'chibwana chotani?

Wa ku Mitundu: Akuluakulu, ndithandizeni. M'mwezi wa Meyi achimwene anga adagulitsa kwa mavenda matumba onse 14 a chimanga omwe adakolola, ati agulire njinga yamoto ya kabaza. Pofika Januwale njinga ili gone kuseri kwa nyumba, iwo ali pa ganyu kusaka ndowa imodzi. Agogo atamva adangopukusa mutu n'kuti, "Chibwana cha mchombo lende chimenecho." Mawuwa ndakula ndikuwamva, koma mchombo ukubweramo bwanji? Nanga akusiyana pati ndi kunena kuti munthu ndi chitsiru?

Nachisale: Mwanawe, "lende" ndi kulendewera. Mwana akabadwa amamudula mchombo, katsalira kaja n'kumalendewera mpaka kauma n'kugwa, patatha sabata imodzi kapena ziwiri. Kale masiku onsewo mayi ndi khanda lake amakhala m'chikuta, osatuluka, ndipo azamba amayang'anitsitsa kuti mchombowo usagwere pa maliseche a mwana, poti amati akakula sadzabereka. Ndiye agogo anuwo amatanthauza kuti achimwene anu aganiza ngati khanda lomwe silinatuluke n'komwe m'chikuta. Palibe mwana wamng'ono kuposa ameneyo.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu: Mayi Nachisale, ine kwathu ndidamva mosiyana pang'ono. Khanda la m'chikuta silichita kanthu, lingachite chibwana chanji? Amanena tiana tija timayenda chinochino, mchombo uli panja, tikuphika dothi ku masanje. Kamwana kotero ukakaonetsa switi kakupatsa chilichonse chili m'manja. Ndi momwe adachitira ndi chimangacho.

Nachisale: Aphunzitsi, mchombo wa mwana woyenda umakhala tuzu, sulendewera. Mawu akewo akudzimasulira okha.

Wa ku Mitundu: Nanga funso langa lachiwiri lija?

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu: Pamenepo ndiye pali kusiyana kwenikweni. Chitsiru kapena chidzete ndi dzina lomwe mwamupatsa munthuyo, mwamuweruza yense. Paja amati chitsiru chidaomba ng'oma, ochenjera navina: ameneyo kupusako ndi khalidwe lake. Koma chibwana chimaloza chochitikacho. Timanena kwa munthu wamkulu, wanzeru zake, amene tsiku limenelo waona za lero zokha. N'chifukwa chake simudzamva wina akuuza mwana wa zaka 5 mawu amenewa, chibwana ndi msinkhu wake. Amawawa akagwera bambo wa ndevu. Ndipo achinyamata musamasokoneze ndi "bwana" wa ku ntchito, amene adachokera ku Chiswahili. Chibwana n'chapachibale ndi mwana ndi ubwana.

Wa ku Mitundu: Zikomo nonse. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake achimwene sadayankhe kanthu tsiku lija, adangozyolika. Madzulo ake agogo omwewo adawatumizira lichero la ufa. Koma za mchombozo ndikafunsa agogo Loweruka, ndimve kuti iwo akamanena amaona khanda la m'chikuta kapena mwana wa ku masanje.