Kachigayo ka manja kogayira chimera: tiikepo mota yanji?

Mayi wa thobwa, Luchenza: Akuluakulu, ndipatseni nzeru. Ndikufuna kugula kachigayo ka manja kachitsulo kaja, komanga pa tebulo, ndizigayira chimera cha mawere ndi cha chimanga, makilo 15 kapena 20 pa sabata. Ku chigayo chachikulu ukapita ndi makilo asanu, ena amatsalira m'makina, otulukawo ali osakanikirana ndi mgaiwa wa anzako. Pali mota yakale ya pampu, pa chitsulo chake alemba 2850 rpm. Ingagwire?

Makaniko, Chitakale: Mayi, mota imeneyo isiyeni, 2850 rpm ndiye kuti imazungulira ka 2850 pa mphindi. Kachigayoko anakapangira dzanja la munthu, ndipo dzanja limazungulira ka 60 kapena 80 pa mphindi. Mukakathamangitsa, mbale zogayira zimatentha, ufa n'kuyamba kununkha kupserera, ndipo kutenthako kumapha mphamvu ya chimera yotsekemeretsa phala. Funani mota yolembedwa 1440 rpm kapena 1400, ya 230V ya magetsi a m'nyumba, mphamvu 0.37 kW, ikakula 0.75 kW. Liwiro mulitsitse kawiri. Pule (gudumu loyendapo lamba) ya 50 mm pa mota ikoke ya 250 mm pa shafiti yapakati, apo mwafika pa 288 rpm. Pa shafiti yomweyo pule ya 60 mm ikoke ya 240 mm, mwafika pa 72. Malamba akhale a saizi A, ofanana ndi ngalande za mapulewo. Mota yanu ya pampu ingafune kutsitsa ka 40, ndiye mapule ake angakule kuposa chigayocho.

Achimwene a masese, Bvumbwe: Bwanji osangochotsa chogwirira n'kumangapo dirilo? Ambiri akutero.

Makaniko, Chitakale: Kilo imodzi dirilo igaya, achimwene. Koma dirilo ikamayenda pang'onopang'ono itanyamula katundu, fani yake siiziziritsa mokwanira, ndiye pa makilo 20 mudzangomva fungo la waya.

Wowotcherera, Limbuli: Masamu a amakaniko ali bwino, koma pule yomalizayo musaimange pa shafiti ya chigayo. Tizigayo totchipati tilibe mabering'i. Shafiti imangozungulira m'bowo la chitsulo chosungunula. Lamba amakokera mbali imodzi, bowo limadyeka n'kukhala ngati dzira, mbale zimayamba kugwedera, mbali ina ufa mbali ina misere. Pule ikhale pa shafiti yakeyake ya 20 mm yokhala pa ma pillow block awiri (mabering'i okhala m'zitsulo zomanga ndi mabawuti), ndipo shafitiyo ilumikizane ndi chigayo pamzera umodzi, pomwe munachotsa chogwirira. Polumikizapo boolani muikepo bawuti yofewa ya 5 mm, kapena msomali. Mwala ukalowa, chothyoka chikhale msomaliwo, chifukwa mphamvu yozungulitsa yachuluka ka 20 ndipo chitsulo chosungunula sichipindika, chimangosweka. Kuchiwotchereranso n'kovuta. Zonse zikhale pa felemu imodzi ya angle iron, chigayo chomangidwa ndi mabawuti. Chomangira cha pa tebulo chija chimamasuka ndi kunjenjemera.

Mayi wa thobwa, Luchenza: Zikomo abambo. Nanga pogula ndiyang'ane chiyani? Ku Limbe ndi pa msika zonse zimangowala mofanana.

Wowotcherera, Limbuli: Gwedezani shafiti ndi dzanja, ikamasewera ili yatsopano, isiyeni. Masulani mbale muziyang'ane mano, asakhale ndi ming'alu kapena zibowo. Mukazibwezera zungulizani mulibe kanthu, mumvetsere: ikamakhula mbali imodzi yokha pa ulendo uliwonse, mbaleyo yakhala mopendama. Funsaninso ngati mbale zosinthira zikupezeka, poti ndizo zimayamba kutha. Chigayo cha ma rola awiri chimene amathyolera barley, mbewu yonga tirigu, musachikhumbire. Mpata wake umakhala pafupifupi 1 mm, mawere ang'onoang'ono amangodutsa osathyoka, komanso sichitulutsa ufa.

Agogo a masese, Goliati: Ana inu mwatha mawu pa zitsulo, chimera mwachiiwala. Kuno chiperoni chikagwa mu June ndi July, chimera pamphasa chimaoneka chouma kunja, m'kati chili chofewa. Lumani njere. Ikaphwanyika ndi phokoso yauma. Ikafwaphuka ngati chingamu, ibwezereni padzuwa. Chachinyezi chimamatirira m'mano a mbale, chigayo n'kutsamwa, lamba n'kumangoterereka. Chikauma tikitani ndi manja mizu ndi timphukira tichoke, mupete pa lichero. Pa mapira izi n'zofunika kwambiri, timphukira take tili ndi poizoni. Chimene chachita chuku tayani, chigayo sichichotsa chuku. Mawere opunthira pansi sasowa mchenga ndi timiyala, ndiye sefani musananyike.

Achimwene a masese, Bvumbwe: Agogo anena zoona. Ndionjezepo za kagayidwe: musafune ufa ulendo umodzi. Koyamba masulani bawuti yosinthira, njere zingothyoka. Kachiwiri mangani pang'onopang'ono mpaka mbale zitsale pang'ono kukhudzana, kenaka mangani nati yotsekera kuti isayende yokha. Chimera cha chimanga chingafune katatu. Mbale zikakhudzana ufa umada ndipo thobwa amamveka chitsulo. Chigayo chikakhala chatsopano, kilo yoyamba ya chimanga wamba gayani mutaye, ichotse mafuta ndi tizitsulo ta kufakitale.

Makaniko, Chitakale: Yatsani mota kaye, kenaka thirani njere, mukayatsa chodzaza, mota imangong'ung'udza mpaka kupsa. Musachiyendetsenso nthawi yaitali chopanda kanthu mbale zili zomanga. Pakatha mphindi 15 zimitsani mukhudze pa mbale, pakakhala posagwirika dikirani pazizire. Malamba onse awiri atchingidwe ndi lata kapena waya wa sefa, chifukwa chitenje chikakodwa pa pule mota siyima. Felemu ilumikizidwe ku waya wa earth, switchi ikhale pofikira dzanja, ndipo njere muzikankha ndi kamtengo.

Mayi wa thobwa, Luchenza: Magetsi akathima tsiku lophika?

Wowotcherera, Limbuli: Chogwirira chija musataye, ndipo shafiti ya chigayo musaidule kapena kuiwotcherera. Mukasolola msomali ndi kumasula mabawuti, mutembenuza chigayo, n'kubwezera chogwirira.