Ma hard drive awiri a 8TB mu kaOptiPlex kaja ka SFF, zitheka?

wakamera_kutchalitchi

Moni nonse akuluakulu. Ndati ndifunse kaye kuno ndisanawononge ndalama za eni. Kutchalitchi kwathu ndine amene ndimajambula mapemphero, kamera imodzi imadzera pa capture card ya USB kulowa mu kompyuta, timajambula ndi pulogalamu ya OBS. Kompyuta yake ndi Dell OptiPlex 7050 ija yopyapyala ya SFF, tinagula yogwiritsidwapo kale ntchito, i5, RAM 16GB, mkati muli ka SSD ka 256GB basi. Ndiye Loweruka lililonse usiku ndimakhala pa ntchito yofufuta mavidiyo akale kuti mawa lake papezeke malo, mwezi watha ndinafufuta ulaliki wa mlendo wina abusa asanauwonere, nkhani inakafika mpaka ku komiti kkkk musandiseke.

Ubwino wake manyazi amenewo abala zipatso, komiti yati itulutsa ndalama. Ine maganizo anga ndi ma hard drive awiri a 8TB, chifukwa kompyuta yomweyi ndimasungiramonso mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, kaganyu kanga kapambali, abusa akudziwa. Koma dzulo nditatsegula chivindikiro ndinangoima kukamwa yasa, mkati ndi mothina ngati minibasi ya madzulo, ndikuona malo amodzi okha pafupi ndi DVD paja. Awiri alowa bwanji? Nanga power supply yake iwatha? Komanso ndigule mtundu wanji, poti wina wandiuza kuti ofiirira aja a CCTV, wina akuti aliyense ndi chimodzimodzi bola ma TB. Ndithandizeni chonde.

Jah_Mbayani

Aise osadzivuta, gula ya external yolowetsa pa USB, waika pa tebulo, wamaliza. Ine ndili nayo ya 4TB chaka chachitatu chino sinandikhumudwitsepo. Kutsegulatsegula kompyuta ya mpingo uzathyola kanthu komiti ikuitanenso kkkk

Madala_a_maKompyuta

Achimwene, musanafike pa ma 8TB awiri tiyeni tiwerengere kaye, chifukwa ndikuona ngati mukufuna kugula lole kuti muzinyamulira matumba awiri a chimanga. Mu OBS muli nambala ya bitrate, yoonetsa kuchuluka kwa data imene vidiyo imadya pa sekondi, ikayang'aneni. Tinene kuti mumajambula 1080p pa 10 Mbps. Gawani ndi 8, ndi 1.25MB pa sekondi, pa ola ndi 4.5GB. Mapemphero a maola 4 (ndikudziwa kwanu kwaya ikagwira moto amapitirira) ndi 18GB. Chulukitsani ndi masabata 52, mupeza 936GB, sikufika ngakhale 1TB pa chaka. Ndiye za tchalitchi zokha 4TB ikusungirani zaka pafupifupi zinayi osafufuta kanthu. Chimene chimadya malo ndi maukwati anuwo. Kamera yojambula pa 50 Mbps imadya 22.5GB pa ola, ya 4K pa 100 Mbps ndi 45GB pa ola, makamera awiri maola 6 pa 4K ndi 540GB ukwati umodzi. Tiuzeni mumajambula angati pa chaka, pamenepo ndi pamene tidziwe kukula kwake.

Tsopano za kesi. Mwaona bwino, 7050 SFF ili ndi malo a hard drive yaikulu ya 3.5 inchi imodzi yokha. Yachiwiri ilibe pokhala. Ndaonapo anyamata akuigoneka pamwamba pa makebulo kenako nkukanikiza chivindikiro, ena kumanga ndi zip tie pafupi ndi power supply, imagwira inde koma imatentha, ndipo iwiri ikamanjenjemera pamodzi popanda chogwira bwino sikhalitsa. Mwezi wa October uno ndi fumbi lathuli, kakesi kokhala ndi kafani kamodzi kutsogolo, ine sindingayerekeze ndi katundu wa mpingo.

Magetsi nawonso pali nkhani. Power supply yake ndi 180W, pa hard drive imodzi palibe vuto ngakhale pang'ono, ikamazungulira imadya ma watt osakwana 10, imangokoka kwambiri pa masekondi oyambirira ikamadzuka, mpaka cha mma 2A pa 12V. Koma taonani bwino kebulo ya magetsi ya SATA ikuchokera kuti. Pa makina amenewa siichokera ku power supply mwachindunji ayi, imachokera pa motherboard, pa kasoketi kakang'ono. Ndiye mukaikapo splitter kuti mudyetse ziwiri zazikulu, zonse zikudzukira pa kasoketi komweko. Ena zimawayendera, ine sindiika. Ndipo kebulo yaing'ono ya DVD ija musaiwerengere, imapereka 5V yokha, pomwe ya 3.5 inchi imafuna 12V ndi 5V zonse.

Ndikanakhala ine: yang'anani kaye SSD yanuyo ngati ili ya M.2, ija yaing'ono yopyapyala yogona pa motherboard, kapena ya 2.5 inchi. Ngati yakhala mu malo a hard drive aja, isamutseni, 7050 ili ndi M.2 slot, Windows ikakhale kumeneko. Malo aja muikemo imodzi yaikulu, 8TB yomweyo ngati ndalama ilipo. Yachiwiri igulidwe ndithu koma ikhale panja, mu kabokosi ka USB 3.0 kokhala ndi adapta yake ya magetsi, ntchito yake kukopererako basi. Sipidi musadandaule nayo, hard drive wamba imalemba kupitirira 100MB pa sekondi, inu OBS ikutumiza 1.25.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamakwiyitsa tsiku loika: ma drive ena akuluakulu alibe bowo lapakati la screw m'mbali, ndiye yerekezani mabowo ndi chitsulo chake musanayambe kukakamiza.

wakamera_kutchalitchi

Eeh madala mwanditsegula maso, ine ndimangoona ngati vidiyo iliyonse ndi chilombo. Ndayang'ana, bitrate ili pa 8000 kbps, kutanthauza 8 Mbps, ndiye ndi yochepera pa imene mwawerengera. SSD ndi ya M.2, malo aja ali phee opanda kanthu, kebulo yake ilipo yangopindidwa pambali. Maukwati chaka chatha ndinajambula 14, ambiri 1080p kamera imodzi, 4K ndimabwereka kwa mnzanga akafuna eni ukwati. Koma funso, bwanji osangotenga ya Jah ija, zonse pa USB, ndijambulire momwemo? Komanso mu malo a DVD muja, poti DVD sitiigwiritsa, sindingaikemo ina yaing'ono ya laputopu? Ndamva ilipo ya 5TB.

Nachisale_Joni

Achimwene pepani ndilowerere, ine ndimajambula maukwati ndi ma party kuno ku Joni ndipo zimene mukufunsazi ndinazilipira ndi misozi. Kujambulira pa USB mwachindunji ayi. Kukopera inde, kujambulira ayi. Tsiku lina pa mwambo wina mwana anadutsa kuseri kwa tebulo nkukoka kebulo ndi phazi, sinazuke nkomwe, inangogwedera, Windows inalira kaphokoso kaja ndipo OBS inaima, ine maso ali pa kamera osadziwa kanthu mpaka malumbiro atatha. Kutchalitchi ana a Sande sukulu ndi ochuluka kuposa pamenepo. Ya mkati palibe amene angaipunthwe.

Ya 5TB ya 2.5 inchi ilipodi koma ndi yonenepa, 15mm, pomwe ka caddy kolowa mmalo a DVD kamalandira zopyapyala za 7mm kapena 9.5mm. Zopyapyalazo zimathera pa 2TB. Komanso zazikulu za 2.5 pafupifupi zonse ndi za kalembedwe ka SMR, madala adzafotokoza bwino kuposa ine, ine ndimangodziwa kuti ukamakopera khadi lodzaza imayamba mothamanga kenako imagwa mpaka umaganiza kuti kompyuta yafa. Ngati mukufuna kugwiritsa malo a DVD ikanimo SSD ya SATA ya 1TB yopangira editing, pamenepo mumva kusiyana.

Koma chimene ndalembera kwenikweni ndi ichi. Mu OBS kasintheni format, musajambule mu MP4 wamba, ikani MKV. Magetsi akathima pakati pa ulaliki MP4 imafa yonse, maola atatu onse fayilo osatseguka, chifukwa imamaliza kudzilemba pamapeto. MKV imasunga mpaka pamene magetsi anathimira. Mukamaliza mupita pa File, Remux Recordings, imasanduka MP4 mu timasekondi, quality osasintha. Ife kuno load shedding inatiphunzitsa, inu kumudziko simukufunika kuuzidwa. Ndipo pa ndalama ya komitiyo muchotsepo ya ka UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akathima, ngakhale kakang'ono kongokupatsani mphindi zochepa kuti mudine stop ndi kuthimitsa bwinobwino, makamaka nthawi ija akusintha kupita ku jenereta.

Chinanso, ma drive awiri okhala mu kesi imodzi si backup. Mphezi ikalowa kapena akuba akathyola ku vestry atenga zonse pamodzi. Ya panjayo muzipita nayo kunyumba.

Madala_a_maKompyuta

Achemwali anena zoona zokhazokha. Za SMR mwachidule, mizere yolembamo imasanjikizana ngati malata a padenga, ndiye kuti asinthe mzere umodzi amayenera kulembanso oyandikana nawo, nchifukwa chake imatopa mukaithira zambiri nthawi imodzi, makamaka ikayamba kudzaza. CMR mizere yake ndi yotalikirana, imalemba mosadodoma. Mu 2020 kunali phokoso lalikulu zitadziwika kuti ma WD Red ena a 2TB mpaka 6TB anali SMR osalembapo, ndipo pambuyo pake ndi pamene anatulutsa dzina la Red Plus la CMR. Ndiye musagule poona mtundu wa sitika, tengani model number muifufuze pa intaneti.

Ofiirira aja ndi WD Purple, anzake ndi Seagate SkyHawk, anapangidwira ma DVR, makina a CCTV ojambula usana ndi usiku. Agwira ntchito kwa inu, palibe cholakwika, koma simukuwafuna mwa mtundu wake poti inu mumajambula maola ochepa pa sabata kenako nkumapanga editing. Red Plus, IronWolf kapena Toshiba N300 zili bwino, tengani imene mwaipeza ndi warranty yeniyeni.

Ikafika, Windows ikakufunsani MBR kapena GPT, sankhani GPT, apo ayi muona 2TB yokha zotsalazo zitangokhala. Format ikhale NTFS, FAT32 siilola fayilo yoposa 4GB. Ndipo 8TB idzaoneka 7.27TB, musakathamangire ku shopu kuti akuberani, ndi kawerengedwe chabe. Chokathamangira nchakuti: ikani CrystalDiskInfo tsiku lomwelo muone Power On Hours. Kasitomala wanga wina anagula "yatsopano" ili mu pulasitiki bwinobwino, titayang'ana inali itayenda kale maola masauzande. Pulogalamu yomweyo imaonetsa kutentha, mukajambula mapemphero onse yang'anani, ikamasewera mma digiri 30 kapena 40 ndi bho, ikamadutsa 50 kesiyo ikusowa mpweya, ichotseni mu kabati ndi kupukuta fumbi kutsogolo.

Mukadzafunadi ziwiri zonse mkati tsiku lina, HP EliteDesk 800 G3 SFF ili ndi malo awiri a 3.5 inchi, kukula kwake sikusiyana kwambiri ndi yanuyo.

Jah_Mbayani

Chabwino ndagonja kkkk koma yanga ija ikugwirabe. Madala model number ndaifufuza, ndi SMR. Nde nchifukwa chake ma series amatenga usiku wonse eti

wakamera_kutchalitchi

Zikomo kwambiri nonse. MKV ndasintha kale usiku womwe uno, ndinayesa kujambula mphindi ziwiri nkuzula pulagi dala, fayilo yatseguka. Mtima unali mmwamba koma. Ku komiti ndikapereka chonchi: 8TB imodzi ya CMR mkati, ina ya panja yokopererako, ndi UPS. Msungichuma akafinya nkhope ndidzatsitsa zonse ziwiri zikhale za 6TB koma UPS sindichotsa. SSD ya mu DVD idikire ukwati wa December, imeneyo ndigula ndi yanga. Achemwali a ku Joni, kabokosi ka USB kamene mumagwiritsa nkokhala ndi fani kapena wamba? Poti ya panjayi izikhala ikuyenda mchikwama pa kabaza Lamulungu lililonse, ndikuopa mabampu a njira yakwathu.