Matte box ikudetsa ngodya za kumwamba, follow focus nayo ikudumpha mano

Wongoyamba:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Loweruka ndili ndi ntchito yojambula, ndiye ndamanga kamera yanga ya Super 35 pa ma rod a 15mm (timapaipi tiwiri tomangirapo zida). Lens ndi Sigma 18-35 ya zithunzi ija, osati ya cine. Ndikaika matte box (kabokosi kotchinga kuwala ndi kugwira ma filter kutsogolo kwa lens) n'kutsegula mpaka 18mm, ngodya ziwiri za kumwamba zikuda, pomwe kumunsi kuli mbee. Follow focus (kachipangizo ka giya kopotokolera focus ya lens) nayo ikumadumpha mano ndikapotokola mwachangu. Masikuluwu ndamanga mpaka zala kuwawa, koma palibe chasintha. Kapena ndigule matte box ina?

Focus Puller:
Musathamangire kugula, achimwene. Mdima ukakhala mbali imodzi yokha ndiye kuti lens sili pakati pa bowo la matte box. Matte box ikanakhala yochepa, ngodya zonse zinayi zikanada mofanana. Tengani rula muyeze kuchokera pakatikati pa ma rod kufika pakatikati pa lens. Pa 15mm LWS, muyeso wa ma rod a rig yopepuka, payenera kukhala 85mm, ndipo ma rod awiriwo atalikirane 60mm. Opanga matte box ndi follow focus amatsata muyeso umenewu. Yezani mutiuze.

Mwini Rig:
Ine ndikanangochotsa matte box pa ma rod n'kuipanga clamp-on. Lens imeneyo kutsogolo ili ndi thread ya 72mm, ndipo sitalika mukamachita zoom kapena focus. Pezani adapter ring, mumange pa lens penipeni, nkhani ya kutalika yathera pomwepo.

Mayi DoP:
Clamp-on imathandiza, sindikukana, koma funsani kaye zomwe akufuna kulowetsamo. Ma filter awiri agalasi a 4x5.65 kuphatikiza French flag (chotchingira kuwala) pamwamba ndi katundu wolemera, ndipo yense akhala akulendewera pa thread yomwe anaipangira filter imodzi yozungulira. Mphepo ikakankha flag, mphamvu yonse ikupita ku lens ndi mount. Komanso mwaiwala kuti mwanayu wabwera ndi mavuto awiri. Clamp-on ibisa loyamba, follow focus ipitiriza kudumpha. Ine ndikuona kuti gwero ndi limodzi.

Wongoyamba:
Ndayeza kawiri. Zikubwera 97mm. Ma rod atalikirana bwino, 60mm ndendende.

Focus Puller:
Ndi zimenezotu. Kamera yakwera ndi 12mm, ndiye denga la matte box latsikira m'chithunzi. Pakati pa cage (chimango chozungulira kamera) ndi baseplate (yogwira ma rod) mwaikapo chiyani?

Wongoyamba:
Pali quick release plate. Ndinaiika kuti ndizichotsa kamera mosavuta popita pa gimbal.

Focus Puller:
Imeneyo ndiye yakukwezerani kamera. Ichotseni, cage ikhale pa baseplate mwachindunji, muyezenso. Ngati mukufunabe zochotsa mwachangu, plate ipite pansi pa baseplate, pakati pa rig yonse ndi tripod. Kumeneko sisokoneza muyeso chifukwa kamera ndi ma rod zimakwera limodzi. Ma baseplate ena ali ndi kasikuluwu kokwezera ma rod, onaninso ngati yanu ili nako.

Za follow focus ndinene pang'ono, poti ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Lens itakwera choncho, mkono wa follow focus unatambasuka mpaka kumapeto, ndiye giya imangokhudza nsonga za mano m'malo molowana bwino. Mukatsitsa kamera, kankhani giya ilowe, koma musapanikize. Ikathina kwambiri imakankhira lens kumbali ndipo chithunzi chimagwedera nthawi iliyonse mukasintha kolowera. Onetsetsaninso kuti magiya onse ndi 0.8 mod (kukula kwa mano ake). M'bokosi la follow focus nthawi zina mumakhala ya 0.5 ndi 0.6 za ma lens a ENG (a makamera ojambulira nkhani za pa TV), ndipo munthu wotanganidwa atha kutola yolakwika. Ngati lamba wa giya pa lens ndi wa labala womangirira uja, mfundo yake muiike kumene sidutsa pa giya ya follow focus.

Mayi DoP:
Ndiwonjezere ziwiri, mwananga, chifukwa mukumana nazo Loweruka. Bowo la matte box zambiri ndi 114mm, kukula kwa ma lens a cine monga Zeiss CP.2, pomwe yanuyo ndi yaing'ono kutsogolo. Mpata wotsalawo umalowetsa kuwala kuchokera kumbuyo, kumagunda pa filter n'kubwerera mu lens. Pa kasikirini ka kamera simukuona, mudzakuona pa kompyuta ntchito itatha, ndipo zimapweteka mtima. Tsekani ndi donut yansalu kapena yalabala, ndipo matte box muisendeze pafupi ndi lens mmene mungathere osakhudza galasi.

Chinacho, ring ya focus ya lens imeneyo siima ikafika pa infinity, imangopitirira. Mukapitiriza kamodzi kokha, zizindikiro zonse zomwe munalemba pa disc ya follow focus zasokonekera. Mangani ma hard stop (zoimitsira giya) a follow focus mkati pang'ono mwa malire onse awiri musanalembe chilichonse.

Mwini Rig:
Apa ndavomera, mayi. Za mphepo pa flag sindinaziganizire, poti ine ndimajambula kwambiri m'nyumba ndi filter imodzi basi.

Wongoyamba:
Zikomo nonse. Plate ndaisamutsira pansi, ndayeza 85mm, ndipo pa 18mm ngodya zonse zayera ngakhale ndi ma tray awiri a ma filter. Giya inali ya 0.8 kale, koma mfundo ya lamba inalidi panjira, ndaitembenuzira kuseri. Ndapotokola mwachangu kambirimbiri, sikudumpha. Donut ndilibe. Kodi nsalu yakuda yokhuthala ingagwire ntchito?

Mayi DoP:
Igwira, bola isakhale yonyezimira kapena yothothoka ubweya. Muimate ndi gaffer tape ku matte box, osati ku ring ya focus. Mukatha, walitsani tochi kuchokera kumbuyo kwa kamera mbali zonse mukuyang'ana pa monitor.