Board ya K95,000 pa OptiPlex 7010, ndigule kapena ndikubedwa?

wapastationery: Abale thandizeni. Ndili ndi kompyuta ya Dell OptiPlex 7010 ya i5 yomwe ndimadyera pa stationery, muli Linux Mint. Sabata ino mausi ndi kiyibodi zikumangofa ntchito ili mkati, printa nayo zii, mpaka ndizimitse kaye. Pa dmesg (pomwe Linux imaonetsa mauthenga ake) pakutuluka "irq 16: nobody cared" kenako "Disabling IRQ #16". Mnyamata wina ku Limbe wangoisuzumira mphindi ziwiri, akuti board (motherboard, pomwe zipangizo zonse zimalumikizidwa) yapita, ali nayo ina ya K95,000. Ndigule?

ndinapsa_kale: Musayerekeze achimwene. Ine anandiuza zomwezo chaka chatha, ndinapereka K120,000, kufika kunyumba vuto lomwe lija. Nditatsegula ndinapeza kachizindikiro ka maka komwe ndinalemba ndekha pambali pa RAM. Board yanga yomwe! Anangoipukuta fumbi. Nditabwerera akuti mwini wake wapita kumaliro. Maliro ake mpaka lero sanathe.

mjoni_weniweni: Kkkk 7010 mu chaka chino? Chinthu cha 2012 chimenecho, DDR3. Ine ndinatenga Ryzen 5 kuno ku Johannesburg, zoterezi ndimangozimva kwa anthu.

ndinapsa_kale: Wakufunsa ndani aise?

mlangizi_waulere: Uthenga umenewo sukunena kuti board yafa. Pali chipangizo china chomwe chikungoitana purosesa pa mzere 16 (ndiye IRQ 16 ija), koma palibe driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) yemwe akuvomera kuti kuitanako n'kwake. Kernel, mtima wa Linux, ikawerenga maulendo 100,000 n'kupeza kuti pafupifupi onse sanayankhidwe, imatseka mzerewo. Tsono pa ma board a Intel a nthawi imeneyo USB imakonda kukhala pa 16 pomwepo, ndiye mausi amafera za eni. Lembani cat /proc/interrupts pa terminal muone amene akugawana 16. Ngati munabayamo khadi ya WiFi kapena ya graphics, zulani kaye. Kenako pa GRUB (menyu yosankhira Linux kompyuta ikamayaka) dinani e, kumapeto kwa mzere woyamba ndi linux onjezerani irqpoll, dinani F10. Zikakanika yesani noapic. Koma nolapic musaikhudze, mutsala ndi core imodzi. Dziwaninso kuti ma APIC ndi omwe amayendetsa kuitanako: I/O APIC ili mu chipset ya pa board, pomwe local APIC ili mu purosesa momwemo, choncho board yatsopano si mankhwala a matenda onse.

dolo_wa_area25: Nkhani yaitali bwanji madala. Asinthe batire ya CMOS (kabatire ka pa board) basi, CR2032, K1,500.

mayi_wa_mafomu: K1,500 kuti? Ine ndagula K4,000 dzana.

dolo_wa_area25: Akuonani nkhope mayi.

mlangizi_waulere: Batire ikatha zimasokonekera ndi nthawi ndi ma setting a BIOS. Asinthe ngati afuna, koma sindikukhulupirira kuti ndi imeneyo.

kaunjika_tech: K95,000 pa board yokha n'kupenga. Onjezerani pang'ono mutenge kompyuta yonse ya kaunjika, yakaleyo ikhale ya masipeya. Ingosamalani, mukatenga OptiPlex 7020, iyo ili ndi pulagi ya magetsi ya mapini 8, yanuyo 24, power supply sizibwerekana.

mayi_wa_mafomu: "Pang'ono" wakeyo ndi zingati? Yonse sinatsikepo K250,000 komwe ndafunsa ine.

mjoni_weniweni: Ikani Windows muone ngati zichitike.

mlangizi_waulere: Windows 10 a Microsoft anaisiya pa 14 Okutobala 2025, ndipo 11 mwalamulo imafuna Intel ya 8th gen kupita m'tsogolo. Komanso ngati vuto ndi khadi, kumeneko mukangolandira sikirini yabuluu.

wapastationery: Zikomo nonse. Pa 16 panalidi USB, ndipo ndazula kakhadi ka WiFi komwe mlamu anandibweretsera. Kuyambira m'mawa mausi sanafe. Koma nditawalitsa tochi ya foni ndaona capacitor imodzi pafupi ndi purosesa yatupa pamutu ngati chitumbuwa. Magetsi kuno amabwera mwaukali akazima. Mnyamata uja waimbanso, akuti K80,000 ndikatenga lero.

ndinapsa_kale: Lembani kachizindikiro pa board yanuyo musanapite.

dolo_wa_area25: Batire mwasintha?