Injini ya boti la malemu malume ikuzima ikangoyenda mphindi khumi

Mphunzitsi wa ku Makawa:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za maboti, pakuti ine ntchito yanga ndi ya choko. Malume anga atamwalira, akubanja anagwirizana kuti boti lawo la matabwa likhale m'manja mwanga pamodzi ndi injini yake ya Yamaha Enduro ya mahosipawa 15, ija yothira petulo wosakaniza ndi oyilo. Botilo lakhala pamtunda zaka zitatu pansi pa mtengo wa mango, ndipo injini inali chotsamira khoma m'chipinda chosungiramo maukonde. Ndinataya petulo wakale, ndinagula mapulagi atsopano, ndipo nditakoka chingwe kangapo inalira. Ndinabwereka boti la mnzanga kuti ndiiyese panyanja. Imayenda bwino mphindi ngati khumi, kenako mphamvu imayamba kuchepa mpaka kuzima, koma ndikadikira pang'ono imaliranso ngati palibe chimene chachitika. Madzi otuluka pa kabowo ka kumbuyo ndi ochepa kwambiri, amangodontha. Kumbali ya boti lenilenilo, matabwa ena atalikirana moti kuwala kukudutsa, ndipo thabwa lakumbuyo lomangirirapo injini likuoneka lakuda mozungulira mabawuti. Ndiyambire pati kuti ndisataye ndalama pa zinthu zosafunika?

Makaniko wa ku Monkey Bay:

Aphunzitsi, musaiyendetsenso injiniyo mpaka mutaona za madziwo. M'munsi mwa injini, pamwamba pa bokosi la magiya, muli kachipangizo ka labala kokhala ndi mapiko, kamene timakatcha impela, ndipo ndi kamene kamakankhira madzi a m'nyanja m'mwamba kuti aziziritse injini. Labala akakhala zaka zitatu osazungulira amauma, mapiko amapindikira mbali imodzi, ndipo tsiku loyamba kulizanso injini ena amathyoka. Yambani mwapisa kawaya kofewa pa kabowo kotulukira madzi, chifukwa mavu aja omanga ndi dothi amakonda kutsekapo, koma ngakhale madzi atayamba kutuluka bwino, impelayo musinthe ndithu. Mukaichotsa muwerenge mapiko ake, ndipo ngati lina likusowa mulifunefune m'njira ya madzi, popeza kachidutswa kamodzi kotsalira m'paipi kangathe kuphetsa injini yokhala ndi impela yatsopano. Poyesa kunyumba muimike mu diramu la madzi okwanira kumiza pampu yonse, chifukwa impela ikazungulira pouma imapsa mphindi imodzi isanathe.

Komabe sindikukhulupirira kuti kutentha kokha ndi kumene kukuizimitsa. Kuzima pang'onopang'ono n'kudzaliranso mutadikira ndi khalidwe la injini imene ikusowa petulo. Pa chitsekero cha thanki pali kasikuluwu kolowetsa mpweya, ndipo kakakhala kotseka kapena kodzaza fumbi, mpweya sulowa m'thanki mpaka petulo amaleka kuyenda. Mukadzaiyesanso, ikangoyamba kufooka mugwire kampira kopopera petulo kamene kali pa paipi yochokera ku thanki. Kakakhala kophwafuka, vuto lili ku thanki. Kakakhala bwinobwino koma injini n'kutsitsimuka mukakafinya, ndiye kuti paipi ikuyamwa mpweya penapake kapena labala wa mu pampu ya petulo wang'ambika. Kumbukiraninso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amakoka chinyontho ndiponso amadya mapaipi akale, choncho kabureta (mbali yosakaniza petulo ndi mpweya) yogona zaka zitatu iyenera kumasulidwa ndi kutsukidwa timabowo take tonse, osati kungothira petulo watsopano. Kasakanizidwe kake ndi 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 400 a oyilo wa injini za m'madzi, wolembedwa TC-W3, pa malita 20 a petulo.

Mmisiri wokhoma maboti, Malindi:

A makaniko anena zoona, ndipo za injini sindiwonjezerapo kanthu. Ine chandigwira mtima ndi thabwa lakumbuyo limene mwalitchula kumapeto ngati nkhani yaing'ono, mwana wanga, pamene ndiyo nkhani yaikulu. Injini ikazima panyanja munthu amatenga nkhafi n'kupalasa, koma thabwa lakumbuyo likasweka injini ili pa liwiro, injiniyo imapita pansi ndipo madzi amalowa nthawi yomweyo. Tengani sikuludiraiva mubaye pamalo akudawo, makamaka mozungulira mabawuti ndi m'munsi momwe madzi a mvula ankaima. Ikalowa mosavuta ngati mukubaya chinangwa chophika, thabwalo lafa, ndipo musalole kuti wina akunamizeni kuti angokhomerapo chitsulo kapena kumatapo faibala pamwamba. Zimenezo zimatsekera chinyontho mkati, kuwola n'kumapitirira pamene maso sakuona. Lichotsedwe lonse, ndipo muonenso nthiti zimene zagundana nalo.

Mipata ya pakati pa matabwa isakuopseni kwambiri. Boti la matabwa likakhala padzuwa la kuno nthawi yaitali limauma n'kufota, ndipo likabwerera m'madzi matabwa amafufuma. Cholakwa chimene anthu ambiri amachita ndi kukhomerera thonje mwamphamvu m'mipata boti lili louma chonchi, kenako matabwa akafufuma amasowa kolowera, amakankhana mpaka kuzula misomali. Lithireni madzi masiku angapo, kapena liikeni m'madzi osaya pagombe lomangirira bwino, kenako mulitulutse muone mipata imene yatsala, ndipo imeneyo ndiyo yoyenera thonje ndi phula. Misomali yadzimbiri ilowedwe m'malo ndi yosachita dzimbiri. Kale tinkakonda mkungudza wa ku Mulanje chifukwa suwola msanga m'madzi, koma mtengowo watsala pang'ono kutha ndipo ndi wotetezedwa, choncho funani mlombwa kapena mbawa youma bwino yogulidwa mwa chilolezo. Paini wa m'masitolo pamalo omangirira injini ayi.

Pokhoma thabwa latsopano muyeze kutalika kwa mwendo wa injini yanu, chifukwa ilipo ya mwendo waufupi wa mainchesi 15 ndi ya mwendo wautali wa mainchesi 20. Kachitsulo kafulati kamene kali pamwamba pa pulopela kayenera kulingana ndi pansi pa boti kapena kutsikirapo pang'ono. Kakakwera kwambiri, pulopela imagwira mpweya ndipo pampu imasowa madzi pa mafunde.

Mwini maboti a chilimira, Namiasi:

Ndingowonjezera chimodzi chimene chinandionongetsa ndalama zambiri. Masulani pulopela muone ngati kumbuyo kwake kwakulungika ulusi wa ukonde, chifukwa ulusiwo umadula labala wotchinga madzi, madzi n'kulowa m'magiya mwakachetechete. Tsegulani sikuluwu ya m'munsi ya bokosi la magiya, ndipo oyilo akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka dziwani kuti madzi analowa kale. Oyilo watsopano amathiridwa kuchokera pa bowo la m'munsi mpaka atatulukira pa la pamwamba. Ndiponso ngati mukufuna kuyesa, chitani m'mawa kwambiri pafupi ndi gombe, muli ndi nkhafi ziwiri ndi jekete yoyandamitsa, makamaka miyezi ya mwera pamene nyanja imasintha nkhope munthu asanakonzeke.

Mphunzitsi wa ku Makawa:

Zikomo kwambiri nonse, akuluakulu. Loweruka ndinapita nayo injini kwa makaniko wa kuno ndipo tinamasula pamodzi. Impela inali ndi mapiko awiri othyoka, limodzi tinalipeza pakamwa pa paipi yokwera m'mwamba, ndipo linalo linatuluka titapopera madzi chobwerera. Kasikuluwu ka mpweya pa thanki kanali komata ndi dzimbiri, ndipo ndiyenera kuvomera kuti sindinkadziwa n'komwe kuti kamatsegulidwa. Paipi ya petulo inali yosweka pafupi ndi polumikizira, ndipo tinaisintha yonse pamodzi ndi kampira kake. Mu diramu injini yalira theka la ola osazima, madzi akutuluka mwamphamvu, ngakhale ndikudziwa kuti umboni weniweni udzapezeka panyanja itanyamula katundu. Oyilo wa magiya anatuluka wotuwa monga munanenera bambo a ku Namiasi, choncho tikudikira malabala otchinga madzi amene ndaitanitsa ku Blantyre.

Thabwa lakumbuyo ndinalibaya, ndipo sikuludiraiva inalowa mpaka pachigwiriro. Bambo a ku Malindi, nthiti ziwiri zomaliza nazonso zafewa kunsonga kwake kokha, pamene mbali yotsalayo ndi yolimba. Kodi n'zotheka kudula pofewapo n'kulumikiza mtengo watsopano ndi mabawuti, kapena nazonso zizulidwe zathunthu?