Thandizeni, IP address ya kompyuta ndiipeza pati?

Wosatchula dzina: Abale mutu wanga sukugwira. Ndinaikitsa makamera pashopu yanga ku Limbe chifukwa mwana wa achemwali anga amene ndinamulemba ntchito akundithera katundu. Mabelo awiri a shuga sakuoneka, ndikafunsa achemwali akuti ndikuwanyozera mwana. Woika makamera ndalama analandira zonse, pano foni sakuyankha, wangolemba kuti "tumizani IP address". Ndiipeza pati? Ndikufuna ndiziona shopu pafoni ndili kunyumba.

MkuluWaNetiweki: MUSATUMIZE CHILICHONSE MAYI! Munthu wothawa foni mumupatse IP? Adzakhala akukuonerani makamera anu omwewo usiku!

Achimwene a ku Joni: Wachibale pabizinesi ayi. Ine mlamu wanga anandigwetsera shopu, mpaka firiji anagulitsa ine ndili kumaliro.

Mphunzitsi wa ICT: Mayi, IP ziliko ziwiri. Ya mkati ndi imene rauta imapatsa chipangizo chilichonse m'shopumo. Ngati ndi Windows, tsegulani cmd, lembani ipconfig, yang'anani pamene palembedwa IPv4 Address. Kawirikawiri imayamba ndi 192.168 kapena 10. Koma woika makamerayo akufuna iti?

MkuluWaNetiweki: Aphunzitsi mukuwasocheretsa. 192.168 ili m'nyumba za anthu ambirimbiri, kunja siigwira ntchito!

Mphunzitsi wa ICT: Ndiye n'chifukwa chake ndafunsa, bwana. Werengani bwinobwino.

Nachisale: Ya kunja lembani "what is my ip" pa Google muli pa wifi ya kushopu, osati pa bandulo ya foni yanu. Koma imasinthasintha, makamaka mukazimitsa rauta.

MkuluWaNetiweki: Ndipo ngati ndi ka MiFi ka simu iwalani! Makampani a foni amagawira anthu ambiri IP imodzi ya kunja, CGNAT imeneyo. Mukaona pa rauta 100.64 dziwani kuti khomo latsekeka. Ine zaka zonsezi ndimauza anthu, samva! Password ya makamerawo munasintha?

Gogo wa Ndirande: Mwanawe, yamba wakhala pansi ndi achemwali ako. Kamera siithetsa nkhani ya pabanja.

Nachisale: Makamera ambiri a masiku ano ali ndi app, mumangojambula QR code pa bokosi lojambuliralo, IP osafunika. Anu ndi a mtundu wanji?

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Gogo, achemwaliwo anandibloka pa WhatsApp kuyambira Lachiwiri. Makamerawo ndi oyera, alipo anayi. Cmd ija ndiilemba pafoni kapena?