Thandizeni: ndende ya m'mlengalenga m'buku langa ikumveka ngati Maula

Membala wosadzitchula dzina
Akuluakulu, moni nonse. Ndikulemba buku la nthano ya sayansi m'Chichewa. Nkhani ikuchitikira m'ndende yomwe ili m'mlengalenga: akaidi 500, oyang'anira 40, chombo cha katundu chimabwera kamodzi pa miyezi 6. Pachimake pa nkhani akaidi akulanda ndendeyo. Amene awerengako kuno ku Johannesburg akuti ikungomveka ngati Maula yoti wina waipachika kumwamba. Ndikonze pati? Makamaka, mphamvu zingakhale m'manja mwa ndani m'malo otere, ndipo anthu angamalimbirane chiyani?

Wamakina wa ku Germiston
Achimwene, musanalembe za zibakera yambani mwawerengera mpweya. Munthu mmodzi amafuna okosijeni wokwana pafupifupi makilogalamu 0.84 patsiku, ndipo amatulutsa mpweya woipa, kaboni dayokisaidi, pafupifupi kilogalamu imodzi. Anthu anu 540 ndiye kuti makilogalamu 450 a okosijeni tsiku lililonse. Ameneyu amachokera m'madzi: mumawagawa ndi magetsi, malita 9 amakupatsani makilogalamu 8 a okosijeni. Choncho malita oposa 500 patsiku akupita ku mpweya wokha, munthu asanamwe n'komwe.

Koma chomwe chimayamba kupha si kutha kwa okosijeni ayi, ndi kuchuluka kwa mpweya woipawo. Makina osefa akaima, mutu umayamba kuwawa, anthu amapsa mtima msanga, amasokonezeka maganizo, kenako tulo tosadzuka nato. Pa Apollo 13, ulendo wopita kumwezi mu 1970, anthu atatu anathawira m'kachombo kopangidwira awiri, ndipo zosefera zomwe anali nazo zinali za makona anayi pomwe mabowo ake anali ozungulira. Anachita kulumikiza ndi pulasitiki, katoni, paipi ndi tepi. Tsono mfumu ya ndende yanu si wamkulu wa oyang'anira, si chigawenga chamatama chija. Ndi mkaidi wodziwa kukonza makina osefa. Palibe angamuphe, ndipo aliyense akufuna akhale wake.

Mayi wa ku Rosettenville
Ndiwonjezere pa zimene anenazi. Kopanda mphamvu yokokera zinthu pansi mpweya suyenda wokha, wotentha sukwera. Munthu akagona pamalo opanda fani, mpweya womwe akutulutsa umangounjikana pankhope pake. N'chifukwa chake m'zombo mafani amalira usana ndi usiku. Mwanawe, m'buku lako chinthu choopsa kwambiri chikhale bata. Fani ikasiya kulira, selo yonse idzuke. Woyang'anira wofuna kulanga anthu sasowa chikoti, angochepetsa mphepo ya selo imodzi kwa maola angapo, ndipo palibe bala loti mkaidi akaonetse.

Wowerenga wa ku Yeoville
Ine funso langa ndi lina. Boma liti lingawononge ndalama zonyamulira mbava kupita nayo kumwamba? Mabuku ambiri a mtundu umenewu amagwera pamenepa. Owerenga akangofunsa funso limeneli, basi buku latha.

Wamakina wa ku Germiston
Mwalasa, akulu. Yankho lomveka ndi limodzi: ndendeyo ikhale mgodi, akaidi akhale antchito otchipa. Ndipo ife sitifunika kuyang'ana kutali. Agogo athu ankabwera kuno pa Wenela, kugona m'komponi yotsekedwa, kutsikira pansi m'chikepe, kubwerera kumudzi kontirakiti ikatha. Mgodi wa Mponeng, kufupi ndi Carletonville, ndi wakuya pafupifupi makilomita 4. Mwala pansipo umatentha kufika cha m'ma digiri 60, ndipo munthu amagwira ntchito chifukwa cha mpweya wozizira wopopedwa kuchokera pamwamba pa mgodi. Amene ali pa swichi ya pamwamba wagwira moyo wa aliyense wapansi. Polowera ndi potulukira ndi pachikepe. Ndende yanu ndi imeneyo, kungoitembenuza.

Kampani ya m'nkhaniyo ikhalenso ndi masamu ake. Ngati kubweza mkaidi kudziko kukudula kuposa kumusunga, zaka za chilango zizingowonjezeka pa timilandu tating'onoting'ono. Chifukwa choukira chilipo kale apo.

Mphunzitsi wa sayansi, Soweto
Nkhani ya kulemera kwa thupi musaidumphe, muli chuma. Kopanda mphamvu yokokera pansi mafupa onyamula thupi, a m'chiuno ndi msana, amachepa mphamvu ndi 1 peresenti kapena kuposerapo mwezi uliwonse. Pa International Space Station, siteshoni ya m'mlengalenga yomwe imazungulira dziko, anthu amachita masewero olimbitsa thupi pafupifupi maola awiri patsiku pofuna kuchepetsa vutoli. Yemwe anakhalitsa kumwamba paulendo umodzi ndi Valeri Polyakov, masiku 437 pa Mir, siteshoni yakale ya m'mlengalenga ya dziko la Russia, kuyambira 1994 mpaka 1995. Akaidi anu akukhala zaka.

Njira yake ndi kumanga ndendeyo ngati gudumu lozungulira. Kuti munthu alemere ngati padziko, gudumu lozungulira kawiri pa mphindi liyenera kukhala la mamita pafupifupi 224 kuchokera pakati kufika m'mphepete. Mukalichepetsa liyenera kuthamanga kwambiri, ndipo anthu amachita chizungulire ndi nseru akatembenuza mutu. Tsono taonani: m'mphepete muli kulemera konse, pakati mulibe. Oyang'anira ndi akaidi okondedwa agone m'mphepete. Selo ya chilango ikhale pakati. Munthu wosungidwa pakatipo zaka zitatu, ngakhale mutamutsegulira chitseko, miyendo yake singamunyamule padziko. Mpanda uli m'mafupa ake omwe.

Zolakwika zofala muzipewe. Kunja kulibe phokoso. Munthu woponyedwa kunja saphulika, saumanso ngati ayisi nthawi yomweyo. Amakomoka pakatha masekondi 10 mpaka 15, ndipo akamubweza msangamsanga atha kupulumuka. Mfuti m'kati ndi uchitsiru, chipolopolo chikaboola khoma kapena paipi moyo wa onse uli pachiswe, wowombera yemwe.

Mayi wa ku Rosettenville
Za ulamuliro wa akaidi okhaokha usazitaye chifukwa anzako anena za Maula. Nyapala, mkaidi woyang'anira anzake m'selo, akhalepo, kungoti zomwe amagawa zisinthe. Kwathu amagawa malo ogona, wina kukhoma, wina pa shamba, pakati pa selo, atakhala tsonga usiku wonse. Kumwambako agawe malo oyandikira paipi ya mpweya wabwino, ndi nthawi yokwera makina olimbitsira thupi. Kwera takisi upite ku Constitution Hill ku Braamfontein, ukaone ndende yakale ya Number Four. Amafotokoza bwino momwe mabwana a m'selo ankatengera mabulangete ndi malo abwino, ofooka n'kumagona pafupi ndi chimbudzi. Uwerengenso za magulu a akaidi a 26, 27 ndi 28, omwe mizu yake ili kwa Nongoloza, mtsogoleri wa zigawenga wakale, kuno komwe ku Joni: ali ndi maudindo, makhoti awo, chinenero chawo. Gulu lotero silifuna chipwirikiti, limafuna dongosolo lomwe likuwadyetsa. Ena mwa akaidi akane kuukirako, nkhani ikoma.

Membala wosadzitchula dzina
Zikomo kwambiri nonse, mutu 3 mpaka 7 ndilembanso. Katsala kamodzi. Akaidi akalanda ndende, kampani ingangosiya kutumiza chombo. Angapirire nthawi yaitali bwanji, ndipo choyamba kutha n'chiyani?

Wamakina wa ku Germiston
Chakudya chimachedwa, mutha kuchepetsa phoso anthu n'kukhalabe miyezi. Madzi amabwezeredwa, mkodzo ndi thukuta zomwe. Mu 2023 NASA inalengeza kuti pa International Space Station afika pobweza 98 peresenti. Tiyerekeze malita 4 munthu aliyense patsiku, osawerengera a mpweya aja: 2 peresenti yotayikayo ndi malita oposa 40 patsiku, pafupifupi 7,800 pa miyezi 6. Thanki yosungira ithetsa zimenezo kwa kanthawi.

Zoyamba kutha ndi zipangizo: mapampu, zosefera, timalabala totseka m'malumikizo a mapaipi. Muyang'anenso kutentha. Munthu aliyense amatulutsa pafupifupi mawati 100, anthu anu onse makilowati 54, makina tisanawawerengere, ndipo kunja kulibe mphepo yochotsa kutenthako. Kumatuluka kudzera m'malata aakulu akunja momwe mumayenda amoniya. Pampu imeneyo ikafa muyenera kuzimitsa makina kuti musapse, ndipo ena mwa makinawo ndi osefa mpweya aja. Okosijeni wogwiritsa ntchito pakagwa ngozi amachokera m'timigolo ta mankhwala toyatsa, koma kamodzi kotere ndi komwe kanabutsa moto pa Mir mu February 1997, utsi n'kudzaza ponseponse.

Ndiye musalembe kuti apirira masiku akutiakuti. Lembani kuti mapampu osungira atsala awiri, ndipo wodziwa kuwasintha ali kunja kwa khoma atavala suti ya m'mlengalenga ndi woyang'anira yemwe akaidi amutsekera m'selo.

Wowerenga wa ku Yeoville
Ndipo muike ndendeyo patali, cha ku Mars. Uthenga wa wailesi umatenga mphindi 3 mpaka 22 kupita kokha, kutengera pomwe Mars ali. Pokambirana ndi kampani, funso lipite, anthu akhale chete kudikira yankho mpaka mphindi 44, mafani akulira, wina akusintha maganizo.